Moni wa Dola Imodzi

Ndinabadwira pafamu ya fodya, koma nzeru ndinazidziwira ku Unit C, ku Seke m'tauni ya Chitungwiza, kumene tinasamukira bambo anga atapeza ntchito pafakitale ya mabulangete ku Harare. Bambowo anachoka ku Malawi wapansi akali mnyamata, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanabwerereko. Ine dziko limenelo ndinali ndisanalionepo. Kunyumba amayi ankandilankhula Chichewa, ine n'kumayankha Chishona, chifukwa kusukulu ndinali nditatopa n'kutchedwa mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi. Chichewa changa chinkatuluka bwino poimba pokha. Bambo anandisiyira nyimbo zambiri, zina zapamaliro, zina zapamowa, ndipo nditalowa bandi ndinayamba kuziika pa magitala.

M'bandimo tinalimo asanu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi chida chakechake. Magitala, ng'oma, zokuzira mawu ndi kombi yoyera imene tinkayendera, zonse zinali za bambo wina wa ku Unit A, mwini butchala ndi sitolo ya mowa. Tinkangowatchula kuti abwana. Tinkayeserera kuseri kwa butchala yawo, pakati pa makireti ndi ntchentche, ndipo tikamaliza iwo ankatsekera zidazo m'chipinda n'kupita ndi kiyi.

Zaka zochepa dziko litalandira ufulu, nyimbo yathu imodzi ya Chichewa inayamba kumveka pawailesi. Ku Chitungwiza kuno sinachite kanthu kwenikweni, koma m'mafamu ndi m'migodi, kumene anthu akwathu anali ambiri, inagwira moto. Mwezi ukatha antchito atalandira, tinkakweza katundu Lachisanu n'kukazungulira malo atatu kapena anayi. M'mafamu tinkaimba masana, Loweruka kapena Lamlungu, m'holo ya mowa kapena m'shedi yosankhiramo fodya. Anthu ankadzaza, koma za pakhomo zikachotsedwa za mafuta, za mwini holo ndi za zida, ife tinkabwera kunyumba ndi fumbi lokha m'matumba. Nthawi imeneyo n'kuti nditakwatira, mkazi wanga ali ndi pakati, tikukhala m'chipinda chimodzi cha nyumba ya amayi.

Tsiku lina titamaliza kuimba pafamu ina, anthu anandiunjirira kuti andigwire chanza. Agogo ena aakazi anandigwira dzanja osalisiya, akungoti, "Mwana wa kwathu, mwana wa kwathu." Abwana anaima chapatali akuyang'ana, ndudu ili pakamwa. Pobwerera m'kombi anati, "Vakomana, anyamata inu, taitaya ndalama lero. Dzanja ilo si laulere."

Tinaseka poyesa nthabwala. Koma ulendo wotsatira ndinapeza kuti zonse anakonzeratu. Pachitseko cha holo panali chikalata chachikulu cholembedwa kuti woimba wa bandiyi wangofika kumene kuchokera ku Malawi, ndipo wofuna kucheza naye payekha alipire dola imodzi, wofuna ndi chithunzi chomwe madola awiri.

"Abwana," ndinatero, "ine kwathu ndi ku Seke. Aliyense akundidziwa."

"Akukudziwa ku Seke. Kuno akukudziwa ndani?"

"Nanga akandifunsa za kumeneko?"

"Uziti kuli bwino. Kulikonse kumakhala bwino ukakhala kuti suliko. Theka la zolowa pachitseko cha chipinda chochezeramo ndi lanu anyamata, mugawane. Ukufuna kapena ayi?"

Anzanga anayi aja anali chilili pambuyo panga. Ndinamva kuti akundidikira. Ndinavomera.

Chipinda chochezeramo chinkasinthasintha malo, koma chinkakhala chofanana kulikonse: kosungirako makireti kapena matumba a feteleza, zenera laling'ono la zitsulo, mipando iwiri. Kukhoma ankapachika nsalu yojambulidwa mapiri, ya wojambula zithunzi amene tinkayenda naye. Pachitseko pankaima mlamu wawo wa abwana, munthu wamtali wosaseka, amene kale anali mlonda pamgodi. Iyeyu ankalandira ndalama, n'kulowetsa munthu mmodzi, n'kutseka. Pakapita mphindi zisanu pawotchi yake ankagogoda kawiri n'kunena m'Chishona kuti, "Nguva yakwana," kutanthauza kuti nthawi yatha. Ine ndinkalowa m'menemo thukuta la pasiteji lisanaume, nditavala jekete yofiira yonyezimira, n'kukhalamo mpaka mzere utatha. Nthawi zina anali maola awiri. Ndikafuna kukataya madzi, mlamuyo ankandiperekeza ngati mkaidi, kuopa kuti wina angandipatse moni waulere panjira.

Ena ankabwera za chisangalalo basi. Atsikana ankalowa awiriawiri akusekerera, n'kujambulitsa atagwira gitala. Anyamata oledzera ankafuna ndiwaphunzitse kuimba m'mphindi zisanu. Amenewo sankandivuta. Ondivuta anali akuluakulu, amuna ndi akazi a msinkhu wa bambo anga, amene ankavula chipewa kapena kugwada pang'ono polowa, n'kukhala pamphepete pa mpando.

"Kumudzi kuli bwanji, mwana wanga?"

"Kuli bwino, bambo."

"Mvula yagwa chaka chino?"

"Yagwa ndithu."

"Nanga mlatho uja wa pa mtsinje wa kwathu anaukonza?"

Ndinkati anaukonza. Madzulo a Lolemba ndikakhala ndi amayi ndinkawafunsa mochenjera mayina a misika, mapiri ndi mitsinje, iwo n'kumakondwa kuti mwana wayamba kufuna kudziwa za kwawo. Sankadziwa kuti ndikutolera katundu wokagulitsa.

Makalata anayamba okha. Mayi wina anatulutsa envelopu m'chitenje nati, "Popita mukandiponyereko iyi, ya pano imasochera." Ndinailandira chifukwa nthawi inali itatha, chitseko chikugogodwa. Mbiri inafala kuti woimba uja amanyamula makalata, ndipo mzere unatalika. Ena anali ndi keyala yomveka, ndipo amenewo ndinkawagulira sitampu n'kuwaponya ku positi ofesi ya ku Seke kuno. Koma ambiri ankangolembedwa dzina la munthu, dzina la mudzi, mwina ndi mawu akuti pafupi ndi chigayo. Amenewo ndinkawaika m'sutikesi yakale ya bambo, pansi pa bedi.

Mwa anthu onsewo panali mkulu wina amene sindimuiwala. Anali woyendetsa thirakitala pafamu ina ya chimanga, wamfupi, wa imvi, chala chimodzi cha kumanja chodukira pakati. Tsiku loyamba analowa ndi phukusi lokulungidwa m'pepala la simenti.

"Ndili ndi mlongo wanga ku Ntcheu," anatero. "Ndinamusiya asanamere mano apamwamba. Amayi athu atamwalira ndinamva patapita zaka ziwiri. Watsala ndi iyeyo. Umu muli nsalu ndi kalata. Simungandifikitsireko?"

"Bambo, ine ndimayenda kwambiri, mwina..."

"Sindikufulumira ayi. Zaka zonsezi ndadikira. Mukadzapita."

Anaika phukusilo pamiyendo panga n'kuligwira ndi manja onse awiri, ngati kuti likhazikike. Mlamu anagogoda.

Pafamu imeneyo tinkabwererako miyezi itatu iliyonse. Ulendo wachiwiri mkuluyo anali woyamba pamzere, atavala malaya ochapa.

"Munamupeza?"

Ndikanatha kunena kuti sindinapitebe. Mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake sindinatero. Ndikuganiza kuti ndi nkhope yake, komanso dola imene anali atangopereka kumene. Ndinaona ngati sindingamubweze chimanjamanja.

"Ndinamupeza, bambo. Ali bwino. Nsalu analandira."

Anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Kenaka mafunso anayamba. Wanenepa kapena ndi woonda? Ali ndi ana angati? Mwamuna wake ndi munthu wabwino? Nyumba yake ndi ya malata? Ndinamupatsa ana anayi, mwamuna wa mpingo, ndi mbuzi zingapo. Kalata sanalembe chifukwa ndinali pa changu, koma adzalemba. Ulendo wachitatu ndinawonjezera kuti mwana wamkulu wakhoza mayeso. Mkuluyo anandibweretsera nkhuku yamoyo, miyendo yomanga ndi luzi, ndipo tinabwera nayo m'kombi anzanga akuiseka.

Nkhuku imeneyo sindinadye nawo. Sabata yomweyo, tili kuseri kwa butchala, ndinawauza anzanga kuti za m'chipinda zija ndatopa nazo.

Woimba ng'oma, amene anali wamkulu pa tonsefe, anaika timitengo take pansi. "Mphwanga, ana anga atatu akudya za pachitseko chimenecho. Za pasiteji ukuzidziwa wekha. Ukasiya, undiuze kumene ndipite nawo."

"Koma ndi bodza, achimwene."

"Bodza lake liti? Amalipira kuti akuone, ndipo amakuona. Zinazo ukuwonjezera wekha."

Ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinapitabe kwa abwana. Ndinawapeza akudula nyama, ndipo sanasiye.

"Ku Unit A kuno kuli mabandi awiri amene akundipempha zida," anatero. "Imodzi ili ndi mnyamata wa mawu okoma kuposa ako, ndipo Chichewa amachidziwa. Ukafuna kupuma, undiuze Lachinayi lisanafike, ndidziwe wokwera kombi."

Mwana wathu anali atabadwa, ali ndi miyezi iwiri. Lachisanu ndinakwera kombi.

Sutikesi ija anaipeza ndi amayi, tsiku limene ankafuna makadi akale a kuchipatala. Nditafika ndinawapeza atakhala pansi m'chipinda chathu, makalata atawayala pamkeka, nsalu ya mkulu uja ili pamiyendo pawo. Mkazi wanga anali panja ndi mwana, ndipo sanandiyang'ane.

"Izi n'chiyani?" anandifunsa.

Ndinayamba kufotokoza m'Chishona.

"Undiyankhe m'chilankhulo chimene unawanamizira anthuwa."

Ndinafotokoza zonse, m'Chichewa changa chopunduka chija. Amayi anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Bambo ako analemba makalata anayi kwa mbale wawo, anapatsira anthu. Yankho silinabwere. Ankati mwina mbale wawoyo anawataya. Anamwalira akuganiza choncho. Lero ndadziwa kumene makalata otere amathera."

Sanandikalipire kuposa pamenepo. Anasonkhanitsa makalata onse m'thumba la pulasitiki, ndipo Lachinayi anapita nawo ku msonkhano wa amayi a mpingo. Kumpingo kwathu ambiri anali akwathu, ndipo pankapezeka mmodzi kapena awiri opita kumudzi pa chaka, ngakhale njira ya ku Tete inali yoopsa chifukwa cha nkhondo, magalimoto akuyenda mondondozana ndi asilikali. Amayiwo anagawana makalatawo potsata maboma. Phukusi la mkulu uja linatengedwa ndi mayi wina amene ankapita kukaona manda a mwamuna wake, ndipo kwawo kunali kufupi ndi Ntcheu. Amayi anga sanawauze anzawo mmene makalatawo anafikira m'nyumba mwathu. Anangoti mwana wawo amakumana ndi anthu ambiri.

Ine ndinapitiriza kukhala m'zipinda zija. Makalata atsopano ndinkapereka kwa amayi. Chikalata cha pachitseko sichinasinthe. Mkulu uja ndinakumana nayenso kawiri, ndipo kawiri konseko ndinamuuza kuti mlongo wake akupereka moni.

Mayi wa ku manda uja anabwerako patapita miyezi isanu. Anafika kunyumba Lamlungu titaweruka kutchalitchi, n'kupereka envelopu kwa amayi. Mudzi anaupeza, anatero, ndipo anthu ake anawapeza. Koma mlongoyo anamwalira kalekale, pobereka mwana wake woyamba. Mwanayo anapulumuka, tsopano ndi mayi wa ana ake, ndipo ndiye analandira nsalu n'kulemba yankho. Ankadziwa kuti ali ndi amalume ku Zimbabwe, koma ankamva kuti anafa.

"Upita nayo wekha," amayi anandiuza. "Ndipo ukamuwerengere wekha."

Ndinakonza zoti ndikamupeze mkuluyo tisanayambe kuimba, kunja, popanda chitseko. Koma tsikulo tayala linaphulika panjira, tinafika mochedwa, anthu atadzaza kale m'shedi, ndipo abwana anatikankhira pasiteji tisanamwe ndi madzi omwe. Ndikuimba ndinamuona ali kumbuyo, chipewa chili m'manja. Titamaliza, mlamu anandigwira pamkono n'kundilowetsa m'chipinda cha matumba.

Analowa wachitatu. Anakhala pansi akumwetulira.

"Lero mwanditengera chiyani?"

"Kalata, bambo."

Anatambasula manja, koma ine sindinaipereke msanga.

"Bambo, ndisanawerenge, pali zoti ndinene. Ine ku Malawi sindinapiteko. Ndinabadwira konkuno, ndimakhala ku Chitungwiza. Phukusi lanu linakhala kunyumba kwanga nthawi yaitali. Amene analifikitsa ndi mayi wina wa kumpingo kwathu."

Anandiyang'ana ngati sanamve.

"Nanga amene munamuona uja ndani?"

"Palibe amene ndinamuona."

"Ana anayi aja?"

"Ndinapeka ndine."

Anayang'ana pansi, n'kuyamba kusisita chala chake chodukacho. Kenaka anati, motsitsa mawu, "Werengani."

Ndinayamba. Kalatayo inayamba ndi moni wautali, monga amachitira, ndipo mawu ena ankandivuta, ndinkachita kubwereza. Ndinafika pamene wolembayo ankati, amalume, mlongo wanu amene mukumufunsa ndi mayi anga, ndipo ine sindinawaone. Ndinawerenga za imfayo. Ndisanafike pa tsamba lachiwiri, chitseko chinagogodwa kawiri.

"Nguva yakwana."

"Dikirani pang'ono," ndinakuwa. "Sitinamalize."

Mlamu anatsegula. "Mzere wafika ku thanki ya madzi. Akafuna zambiri abwerere kumbuyo alipirenso."

"Ndilipira ine."

"Si nkhani ya iwe. Anthu akudikira, dzuwa likupita."

Ndinaimirira, koma mkuluyo anali ataimirira kale. Anatenga kalata m'manja mwanga, naipinda bwinobwino, naiika m'thumba la malaya.

"Musavutike," anatero. "Kukomboni kuli mphunzitsi, akandiwerengera."

Sananditukwane. Anavala chipewa ali m'chipinda momwemo, chimene sanachitepo, n'kutuluka. Pambuyo pake panalowa atsikana awiri ofuna chithunzi, ndipo wojambula anandiuza kuti ndiseke. Ndinaseka. Analowa ena, ndi ena, mpaka mzere unatha. Ena mwa iwo anandifunsa za mvula, ndipo ndinayankha monga mwa masiku onse.

Nditatuluka ndinathamangira kuseri kwa shedi kukamufuna. Anthu anati wapita kukomboni, mtunda wa ola limodzi wapansi. Kombi inali italira kale, zida zitakwezedwa, chifukwa mawa lake tinali ndi pena poimba. Abwana anatulutsa mutu pazenera nati ndikafuna kutsala nditsale, koma jekete ndisiye. Ndinakwera.

Tsamba lachiwiri lija ndinali nditaliwerenga kunyumba, choncho ndikudziwa zimene mphunzitsi anakamuwerengera. Mwana wa mlongo wakeyo ankati malo a amayi awo alipo, munda ulipo, ndipo amalume akafuna kubwera adzawalandira. Ngati anapita, sindikudziwa. Titabwereranso pafamupo sanali pamzere. Ndinafunsa mnzake wina woyendetsa thirakitala, amene anangoti alipo, akugwira ntchito, n'kutembenuka kumapita. Ulendo wotsatira mwini famu anakana zoimba m'shedi mwake, ndipo sitinapondekonso.

Anthu ndikawafotokozera nkhaniyi amayembekeza kuti ndinena kuti tsiku limenelo ndinasiya. Sindinasiye. Ndinakhalabe m'zipinda zimenezo zaka zina ziwiri. Chimene ndinasintha n'chakuti munthu akandifunsa za kumudzi ndinkati papita nthawi ndisanapiteko, ndipo akatulutsa kalata ndinkamuuza kuti ndikapatsira amayi a kumpingo. Ambiri sankamvetsa kusiyana kwake, ndipo ine sindinkalimbikira kuwafotokozera. Mwana wachiwiri anabadwa. Woimba ng'oma anagula mbaula ya magetsi. Ine ndinayamba kudwala mutu Lachinayi lililonse, ndipo mkazi wanga ankadziwa kuti tsiku limenelo asandifunse kanthu.

Zinatha popanda ine kuchitapo kanthu. Nyimbo yathu inasiya kumveka pawailesi, mizere inafupika, ndipo abwana anaona kuti kombi ingawapindulire bwino ikamanyamula anthu opita kuntchito ku Harare. Zida anagulitsa kwa mpingo wina wa ku Unit A. Anatiuza Lolemba m'mawa, ataima pakhomo la butchala, n'kutipatsa aliyense kilo imodzi ya nyama.

Patapita miyezi iwiri mkulu wina wa kumpingo anandipezera ntchito yopakira katundu pafakitale ya nsapato. Ndinkadzuka m'mamawa kukaima pamzere wa basi pamodzi ndi anthu ena onse a ku Unit C, chakudya chili m'kachitini. Kufakitaleko ndinakhalako zaka khumi ndi zinayi, ndipo anzanga ambiri a kumeneko sanadziwe kuti ndinaimbapo.